Loweruka la Chithaphwi

"Mayi Msaiwale, tandionereni apa, mwina maso angawa akundinamiza. Si Dora wanu uyu?"

Mayi Flossie anali atandigwira kale pamkono, foni yawo ili pamphuno panga. Tinali m'khonde la holo ya sukulu imene timabwereka Lamulungu popemphera, anthu akumwa tiyi, ana akuthamangitsana pakati pa mipando. Ndinaika kapu pazenera n'kupukuta magalasi anga.

Chinali chithunzi cholengeza shoo. Chakuda bii, pakati pali chigaza cha ng'ombe chikumira m'matope, pamwamba pake pali maina a magulu oimba, olembedwa ndi zilembo zopotanapotana ngati mizu ya mtengo wozulidwa ndi mphepo. Dzina lokhalo limene ndinatha kuwerenga linali la pansi penipeni: Chithaphwi. Mu mzinda wa Perth monse muno, kutsidya la nyanja, kutali ndi kwathu, ndani akanatcha gulu lake Chithaphwi? Mayi Flossie anasuntha chala, ndipo kunabwera chithunzi china cha achinyamata atatu ataima kutsogolo kwa khoma la malata. Wapakatiyo anali mwana wanga, tsitsi litagwera kumaso, atakolekera chigitala chotalika pafupifupi ngati mwini wake.

"Akuti ndi Loweruka likudzali," anatero Mayi Flossie motsitsa mawu. "Mwana wa achemwali anga ndiye wandionetsa. Akuti nyimbo zake ndi zija amachita kubangula ngati munthu wagwidwa ndi ziwanda. Ine sindikunena kanthu, mayi. Ndangoti mudziwe, poti kuno ndife amodzi."

Ndinawathokoza, pakuti ndi mmene timachitira munthu akatibaya mwaulemu. Kenako maso anga anafunafuna amuna anga. A Hopewell anali atakhala kumapeto kwa benchi, kapu ili m'manja, akugwedezera mutu mkulu wa mpingo amene amawafotokozera zinazake. Ndinadziwa kuti sakumva ngakhale liwu limodzi. Kugwedeza mutu kumeneko anali atakuzolowera ngati ntchito.

Ine ndinakwatiwa ndi mawu. Ndisanaione nkhope ya a Hopewell ndinayamba ndamva besi yawo m'kwaya ya ku Kawale, ndili mtsikana wophunzira unamwino. Mawu amenewo tinabwera nawo kuno, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankanyamula kakwaya kathu ka Amalawi. Koma makutu anayamba kutha. Moyo wawo wonse anagwira ntchito pakati pa makina, kuyambira ku Kanengo mpaka ku mafakitale a kuno ku Kwinana, ndipo adokotala anati mitsempha ya m'makutu yatopa, sidzabwereranso. Anawapatsa timakina toika m'makutu, koma iwo ankati timangowamvetsa ngati masupuni akugwera pasimenti, motero timakinato tinkangokhala m'dirowa. Tsiku lina m'mapemphero anatsalira m'mbuyo mzere wathunthu. Kwaya inamaliza iwo akadali kuimba okha, ndipo kamwana kena kanaseka. Anatseka buku la nyimbo mofatsa. Sanaimbenso.

Chaka chimene malire anatsekedwa chifukwa cha mliri uja, achimwene awo a Goodwill anamwalira ku Dowa. Maliro tinaonera pafoni. Amuna anga ankangoyang'ana milomo ya azimayi ikutseguka ndi kutsekeka kuzungulira bokosi, nyimbo yake osaimva. Anandipatsira foni n'kutuluka kukatsuka galimoto imene anali atatsuka dzulo lake. Sanalire tsiku limenelo, sanalirenso pambuyo pake. Nyumba yathu ya ku Ellenbrook inangoti zii, tonse kumayenda monyang'ama ngati muli wodwala amene sitikufuna kumudzutsa.

Titabwerako kopemphera Lamulungu lija, Dora ndinamupeza masana omwewo kukhitchini, akupaka batala pabuledi ali chiimire.

"Laibulale ija umapita Lachitatu lililonse," ndinatero, "muli ng'oma?"

Mpeni unaima. Dora anabadwira ku Lilongwe koma anakulira kuno. Chichewa amamva chonse, mpaka zining'a, koma poyankha amayankha m'Chingelezi cha kuno, chija amalankhula osatsegula pakamwa. Zimene ananena ndikuzibwezera m'chinenero chathu.

"Ndimafuna kukuuzani, amami. Ndimangodikira nthawi yabwino."

"Nthawi yabwino ndi yoti ndimvere kwa Mayi Flossie, mpingo wonse uli pomwepo? Chigaza cha ng'ombe, Dora! Ife tinakulera m'pemphero."

"Chigazacho anajambula ndi Debbie, mnzanga woimba naye. Amagwira ntchito kuchipatala cha ziweto, mafupa amawaona tsiku ndi tsiku. Palibe za satana apa. Ndi nyimbo basi. Zina amazitcha doom, zina sludge. Zimayenda pang'onopang'ono, zolemera, ngati munthu akuyenda m'matope ofika m'mawondo."

"Ndiye munthu wanzeru zake n'kusankha kuyenda m'matope?"

"Ena amakhala ali kale m'matopemo, amami."

Iye anapitiriza, maso ali pabuledi. Anati kudzakhala magulu anayi, m'kachipinda ka kuseri kwa bala ina ku Fremantle, ndipo anthu amene amakonda nyimbo zoterezi ndi ochepa moti onse amadziwana nkhope. Gulu lawo ndilo lidzatsegulire. Kanali koyamba kuimba pamaso pa anthu.

"Ndimafuna mubwere," anatero. "Inuyo ndi adadi."

"Abambo ako? Ukufuna uwamalize timakutu tatsalati?"

Ndikulankhula choncho abambo akewo analowa kuchokera kuseri, manja ali ndi dothi. Anayang'ana nkhope yanga, n'kuyang'ana ya mwana.

"Kwagwanji?" anafunsa mokweza, monga amalankhulira masiku ano.

Mayi Flossie anali atanditumizira zithunzi zija, kuopa kuti ndingaiwale. Ndinawapatsa foni. Anapukuta chala pabuluku, n'kukuza chithunzicho mpaka nkhope ya Dora inachoka, kunangotsala dzanja lake ndi gitala.

"Zingwe zinayi," anatero. "Iyi ndi besi."

Dora analankhula mawu ambirimbiri mothamanga. Abambo ake anayang'ana pakamwa pake, kenako anatembenukira kwa ine, monga mwa masiku onse. Apa ndiye panali bala la m'nyumba mwathu. Munthu akamalankhula Chichewa, a Hopewell amawerenga milomo n'kumatsatira ndithu. Koma Chingelezi cha mwana wawo chinkawadutsa ngati madzi m'dengu. Kwa zaka ndithu ine ndinali womasulira pakati pa bambo ndi mwana wake. Dora atatopa ndi kubwerezabwereza anangozolowera kuwapsompsona pamutu n'kudutsa, iwonso kumangogwedeza.

"Akuti amayeserera Lachitatu masana, ku Malaga, dera lija la magalaja," ndinawauza.

Anaika foni patebulo. "Tikaone."

Nkhope yawo sinandiuze kanthu. Ndinkawadziwa kuti ndi munthu wosakonda zachibwana, ndipo mumtima ndinati akukamutenga mwanayo pakhutu pamaso pa anzake. Mbali ina ya mtima wanga inkafuna zimenezo. Mbali ina inkaopa kuti akatero, ngakhale kupsompsona pamutu kuja kutha. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga kuchipatala kuti ndikakhalepo.

Malowo anali pakati pa magalaja, moyandikana ndi shopu ya matayala. Tinalowa pakachitseko kachitsulo, n'kudutsa m'kanjira kamdima konunkha fumbi ndi thukuta. Chipinda chawo chinali chaching'ono, makoma atamatidwa masiponji akuda, pansi pali kapeti imene mtundu wake unaiwalika kale. Pakona panali chisipika chachitali ngati firiji.

Mnyamata wamtali, wandevu, anadzuka kuseri kwa ng'oma n'kubwera kudzatipatsa moni ndi manja awiri, atawerama.

"Muli bwanji ba mami? Ba tate, muli bwanji? Ndine Chabu, wa ku Kitwe."

Anali Mzambiya, wochita kafukufuku wa za nthaka ku yunivesite. A Hopewell anamugwira dzanja kwa nthawi, atakondwa kupeza milomo yoti angaiwerenge. Kenako kunabwera Debbie, kamzungu kochepa thupi, mikono yonse yojambulidwa mbalame ndi masamba. Mawu ake anali aang'ono, amanyazi. Anali atatikonzera mipando iwiri yapulasitiki, ndipo anandipatsa timasiponji totseka m'makutu, n'kundionetsa kapotedwe kake ngati mmene ine ndimaonetsera wodwala kumwa mankhwala.

Chabu anaona mmene ndinakhalira, chikwama nditachikumbatira pachifuwa.

"Musayope ba mami," anatero akuseka. "Ni nyimbo za pa malilo chabe. Manje ise tinaikako malaiti." Malaiti kwawoko ndiwo magetsi.

Dora sanatiyang'ane n'komwe. Anakolekera gitala yake, anapukuta manja pabuluku, anaponda kabatani pansi, n'kukhudza chingwe chokhuthala kwambiri.

Sindinganene kuti ndinamva phokoso. Ndinamva ngati chilole chodzaza miyala chalowa m'chifuwa mwanga n'kumadutsa pang'onopang'ono. Mpando unanjenjemera. Makiyi m'chikwama anayamba kulira okha. Chabu anamenya ng'oma kamodzi, n'kudikira, kudikira, mpaka ndinaganiza kuti waiwala, ndipo anamenyanso. Gitala ya Debbie inalowa pamwamba, yokhakhala ngati macheka. Kenako kamtsikana kamanyazi kaja kanayandikira maikolofoni, kanatsinzina, n'kutsegula pakamwa.

Ndinkayembekeza ziwanda za Mayi Flossie. Koma mawu amene anatuluka ndinkawadziwa. Ndakhala namwino kuyambira utsikana wanga, ku Lilongwe ndi kuno komwe, ndipo ndawamva m'makonde a zipatala, pamene mayi wauzidwa kuti tayesetsa koma zakanika. Alibe chinenero mawu amenewo. Ndinapezeka kuti chikwama chija ndachiika pansi.

Nditacheuka, amuna anga anali ataimirira. Ndinati basi, zayambika. Anayenda pang'onopang'ono, kulambalala zingwe zamagetsi, kumudutsa Dora osamukhudza, mpaka pa chisipika chija. Anaikapo chikhatho. Anakhala choncho, mutu atapendeketsa, ngati munthu akumvetsera mwana m'mimba. Kenako anatembenuka n'kukhala pansi, pakapeti yakuda ija, ndi buluku lawo labwino, msana atautsamiritsa pachisipikacho. Anatsinzina.

Dora anawaona. Ndinaona zala zake zikuphonya, n'kubwereranso. Anayang'ana anzake, anapukusa mutu pang'ono, ndipo Debbie analeka, Chabu anagwira mbale zake zachitsulo kuti zisalire. Kunatsala besi yokha. Mwanayo anakoka liwu limodzi lotsika, n'kulisiya lizilira, lizilira.

Kholingo la abambo ake linkagwedezeka. Ndinachotsa kasiponji kukhutu limodzi.

Anali akung'ung'udza. Poyamba anaphonya, anakwera pang'ono, anatsika, ngati munthu akufufuza chitseko mumdima. Kenako analipeza liwulo n'kukhazikikapo, ndipo mawu a gitala ndi mawu a munthu anasanduka chinthu chimodzi. Dora anasunthira pa liwu lina. Iwo analimva ndi msana, n'kulitsatira. Anatsikanso, iwo anatsika naye. Patapita kanthawi sindinathenso kudziwa amene akutsogolera mnzake, mpaka ndinazindikira kuti njira imene akuyendayo ndikuidziwa. Inali nyimbo imene kwathu timaimba potsitsa bokosi m'manda. Dora anaimva ali wamng'ono, ndipo zala zake zinkaifufuza m'mbuyo mwa abambo ake, kuphonya apa, kupeza apo.

A Hopewell anayamba kuika mawu. Besi ija ya ku Kawale inali itachita dzimbiri, inkasweka m'mbali, koma inali yomweyo. Chabu, amene nyimboyo ankaidziwa m'chinenero cha kwawo, anayamba kugunda ng'oma yaikulu ndi phazi, mofewa, ngati mapazi a anthu onyamula maliro. Debbie anatembenukira kukhoma.

Ndime yachiwiri amuna anga sanaimalize. Anaitana kuti, "Achimwene!" kamodzi kokha, n'kuphimba nkhope ndi manja. Mapewa awo ankagwedezeka. Ndinafuna kudzuka, koma ndinakhalabe pampando, ndipo mwina ndinachita bwino. Dora sanaleke kuimba. Anapitiriza liwu lotsika lija, misozi ikutsikira pachibwano n'kumagwera pagitala, mpaka abambo ake analira kulira konse kumene anakusunga chichokereni tsiku lotsuka galimoto lija.

Kutakhala bata, Chabu ndi Debbie anati akukagula zakumwa. Palibe amene anali ndi ludzu.

A Hopewell anapukuta kumaso ndi mpango wawo, n'kuupinda bwinobwino.

"Kamtsikana kaja," anatero, "kamakuwa kuti chiyani? Ndinaona mitsempha ya m'khosi."

Dora anandiyang'ana kuti ndimasulire monga mwa nthawi zonse. Ine ndinayang'ana kudenga. Anadikira, ine osatsitsa maso. Pamapeto pake anavula gitala, anagwada patsogolo pa abambo ake kuti nkhope zawo zilingane, anakankhira tsitsi kumbuyo kuti pakamwa paoneke, n'kuyamba kutola mawu a Chichewa limodzilimodzi.

"Mawu... ndinalemba ine, adadi. Ndi nyimbo ya nyumba. Nyumba ya... yopanda phokoso. Anthu alimo, koma zii."

Chichewa chake chinali chopunduka, chotsimphina ngati cha wansembe wachizungu. Abambo ake sanaphethire. Anawerenga liwu lililonse.

"Nyumba yake ndikuidziwa," anatero.

"Pepani."

"Ukupepesa chiyani? Wanama?" Anamugwira pachibwano. "Nanga dzina lija, Chithaphwi, unalitenga kuti?"

"Inu. Ndili mwana. Mvula ikagwa mumati, Dora, choka m'chithaphwimo."

"Ndiye sunachoke."

"Sindinachoke."

Anaseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene ndinali nditaiwala kamvekedwe kake. Dora anaseka nawo, mamina ali tolotolo, ine n'kumufufuzira tishu m'chikwama.

Pobwerera kunyumba ndinaikapo lamulo langa la unamwino. Ndinati ngati akufuna kupita Loweruka, avale zotchinga makutu zija za kuntchito, zazikulu zachikasu, chifukwa kumva kochepa kumene kwatsalako sindilola kuti kuthere ku Fremantle. Sanatsutse. Anati makutu alibe nawo ntchito kumeneko, bola awapezere malo pafupi ndi chisipika.

Mawa lake Mayi Flossie anaimba foni kufunsa ngati tathana nayo nkhani ija. Ndinawauza kuti inde, tathana nayo, tonse tikupita Loweruka, ndipo ngati akufuna tikhoza kudzawadutsira. Anati ali ndi alendo.

Masiku otsalawo nyumba inasintha pang'ono, osati kwambiri. Dora ankabwera kukhitchini kudzandifunsa monong'ona kuti mawu akutiakuti m'Chichewa timati chiyani, n'kupita kukawayesa pa abambo ake. Nthawi zina ankalakwitsa moti iwo ankagwira m'mimba. Anawauza kuti shoo idzayamba "dzulo" pofuna kunena kuti madzulo, iwo n'kumufunsa kuti nanga bwanji sanawadzutse. Timakina ta m'makutu tija sitinatuluke m'dirowa. Sindinawakakamize.

Loweruka linafika ndi dzuwa lowala, kamphepo kakuchokera kunyanja. Dora ankayenera kukafika kukadali kowala kuti akayese zipangizo. Kuyambira m'mawa sanadye kanthu, ankangozungulira m'nyumba, kulowa kubafa, kutuluka, kunena kuti mwina anthu sabwera, kenako kunena kuti mwina abwera ambiri. Ine ndinavutika ndi chovala. Ndinamufunsa kuti kumeneko anthu amavala chiyani, iye anati zakuda, ndiye ndinatulutsa diresi langa lopitira kumaliro, pakuti lina lakuda ndinalibe.

A Hopewell anatuluka kuchipinda atavala suti ndi tayi, nsapato zikuwala, zotchinga makutu zachikasu zija zili m'khosi.

Anakana kuti wina aliyense anyamule gitala. Anaitenga m'chikwama chake chachitali, n'kupita nayo kugalimoto atainyamula ndi manja awiri. Dora anatsegula buti, koma iwo anapukusa mutu, akuti kumeneko igubuduka. Anatsegula chitseko chakutsogolo, pampando wanga umene ndakhalapo chigulireni galimotoyo, anaubweza m'mbuyo, anaikhazika gitalayo choimirira, n'kuimanga lamba. Anakoka lambayo kuona ngati wagwira.

"Amayi a Dora, lero mukhala kumbuyo," anatero.

Ndinakhala kumbuyo ndi mwana wanga. Dzanja lake linali lozizira, lonyowa, ndipo ndinaligwira pamwendo panga. Tinatuluka mu Ellenbrook, tinalowa mumsewu waukulu, dzuwa likutiwomba kumaso. Kutsogoloko kunkamveka kung'ung'udza kotsika, kosadukiza, kosakanikirana ndi kulira kwa injini.

Tikuyandikira maloboti ena, galimoto ya patsogolo pathu inaima mwadzidzidzi. A Hopewell anaponda buleki, tonse tinagwera kutsogolo, ndipo dzanja lawo lamanzere linatambasuka lokha n'kutchinga gitala ija pachifuwa, monga ankachitira ndi mwini wake akumutenga kusukulu. Maloboti anasintha, magalimoto anayamba kuyenda, koma dzanjalo linakhalabe pomwepo.